Mawanga Akuda ndi Botolo Losafunsa Funso

Masabata angapo apitawa, pa gulu la WhatsApp limene makolo a ana a pamadrasa yathu amalandirirapo mauthenga, panagwa chithunzi cha malonda. Kumanzere kunali nkhope ya mayi wakhungu lakuda, masaya ali mawangamawanga, maso ali pansi ngati namfedwa. Kumanja kunali mayi yemweyo, koma tsopano woyera mbee, akumwetulira, ndolo zikunyezimira. M'munsi mwake munali malonjezo atatu: mafutawa amachotsa mawanga onse, amayeretsa khungu m'masiku 7, ndipo ndi achilengedwe. Dzuwa lisanalowe, amayi angapo anali atafunsa kale mtengo.

Ife ntchito yathu ndi kuphunzitsa ana kuwerenga, ndipo timawauza kawirikawiri kuti wowerenga wabwino amafunsa zimene wolemba wanena, zimene wasiya, ndi chifukwa chimene wazisiyira. Tiyeni tsono tiwerenge chilengezo chimenechi mwa njira yomweyo. Wogulitsa sitimutchula, pakuti sali yekha. Mawu omwewa timawaona pa Facebook, m'masaluni, ndi pa timabotolo tondandalikidwa pa mabenchi a m'misika yathu.

Tiyambe ndi zithunzizo. Aliyense amene anajambulapo ndi foni akudziwa kuti nkhope imodzimodzi imada mumthunzi n'kuwala pafupi ndi windo. Komabe chinyengo chachikulu chili pena. Mayi wa kumanzere ali ndi vuto limodzi lenileni, mawanga a pamasaya. Mayi wa kumanja wasintha khungu lonse, khosi ndi makutu omwe. Chithunzichi chatenga vuto laling'ono, limene madokotala amalidziwa ndi dzina, n'kuligwiritsa ntchito ngati khomo lolowetsera phunziro lina: loti kuda kwa khungu ndiko matendawo, ndipo chimwemwe chimadza ndi kuyera.

Chinenero chathu chomwe chimamuthandiza wamalondayu. Liwu loti "kuyera" limasenza katundu wambiri mu Chichewa. Nsalu yochapidwa bwino timati yayera, munthu wabwino ndi woyera mtima, malo opatulika ndi oyera, ndipo wofiirira khungu timamutchanso woyera. Liwu loti "kuda" nalonso lili ndi mtolo wake: malaya ada, kunja kwada, mdani timamuda, wovutika mumtima wada nkhawa. Wogulitsa akalemba kuti "kuyeretsa", safunikanso kunena kuti khungu lakuda ndi litsiro, chifukwa khutu la womvera limamaliza lokha chiganizocho. Kuti mawu ali ndi mphamvu yotere, maiko ena anazindikira kale. M'chaka cha 1990 dziko la South Africa linaletsa mankhwala a hydroquinone m'mafuta odzola, ndipo linaletsanso otsatsa malonda kulonjeza kuti mafuta awo amayeretsa khungu. Mu 2020 kampani ya Unilever inasintha dzina la mafuta ake otchuka a Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely, anthu atadandaula kuti dzinalo linkaphunzitsa kuti kukongola ndi kuyera. Otsatsa ambiri lero amalemba za "kuwala" ndi "kufanana kwa khungu", koma chithunzi cha kumanja chikadali chomwechija.

Lonjezo loyamba, loti mafutawa amachotsa mawanga onse, ndilo loopsa kwambiri, pakuti limaphunzitsa kuti mawanga onse ndi amodzi. Mtundu wa khungu umachokera ku chinthu chotchedwa melanin, chimene timaselo tina ta m'khungu timapanga pofuna kutiteteza ku dzuwa. Anthu a mitundu yonse ali ndi timaselo timeneti pafupifupi mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti mwa ife akhungu lakuda timapanga melanin wochuluka, ndipo timadzuka msanga tikaputidwa. Banga lakuda, tsono, ndi yankho la khungu pa chinthu china chimene chaliputa. Funso loyenera ndi lakuti: chaliputa n'chiyani?

Mayankho ake ndi ambiri. Amayi oyembekezera ndi ena amene akumwa mapiritsi olerera amatuluka mawanga pamasaya onse awiri, pamphumi ndi pamwamba pa mlomo. Madokotala amawatcha melasma. Amayamba chifukwa cha kusintha kwa mahomoni pamodzi ndi dzuwa, ndipo mwa amayi ambiri amazirala okha pakapita miyezi mwana atabadwa, ngakhale kuti amakonda kubwerera. Pali mawanga otsalira pamene panali chiphuphu, bala la moto, nsungu, kapena totupa timene abambo amatuluka akameta ndevu ndi lezala. Amenewa amatha pang'onopang'ono, malinga ngati chimene chikutupitsa khungu chachizidwa ndipo munthu wasiya kufinya ndi kukanda. Pali banga lozungulira ngati ndalama limene limatuluka pamalo amodzimodzi nthawi zonse munthu akamwa mankhwala ena, monga Bactrim kapena Fansidar, ndipo limasiya kuda kumene kumakhalitsa. Zikanga nazo zimasiyanitsa khungu, kwina kuyera kwina kuda, koma gwero lake ndi fangasi, ndipo mankhwala ake ndi opha fangasiyo.

Mawanga ena ndi amithenga a matenda aakulu. Khungu likada ndi kukakala pamalo owombedwa ndi dzuwa, monga kuseri kwa manja ndi kuzungulira khosi ngati mkanda, makamaka ngati munthuyo akutsegulanso m'mimba, imatha kukhala nthenda ya pellagra, yobwera chifukwa chosowa niacin m'thupi mwa anthu odalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira. Dziko lathu likuidziwa nthendayi: mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'Malawi muno anadwala pellagra, mtedza utasiya kugawidwa m'misasa. Mankhwala a isoniazid, amene ambiri amamwa popewa chifuwa chachikulu cha TB, amathanso kuiyambitsa. Mawanga oderako ngati zipatso za nyowe, otuluka m'miyendo kapena m'kamwa mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, amatha kukhala khansa ya Kaposi sarcoma. Banga loyezuka limene silimva kukhudza limatha kukhala khate. Banga lakuda la kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, limene likukula ndi kusintha maonekedwe, limatha kukhala khansa ya melanoma, yomwe inapha woimba Bob Marley mu 1981 itayambira pa chala cha kuphazi. Botolo limodzi lingachize bwanji zonsezi? Chimene lingachite ndi kuchedwetsa munthu panjira ya kuchipatala.

Pamenepa tiyenera kuulula kulakwa kwathu. Zaka zingapo zapitazo tinali ndi mnyamata wa zaka 14 m'kalasi mwathu, wojintcha thupi, amene kumbuyo kwa khosi lake kunali kwakuda ndi kokhuthala. Ife, amene timaphunzitsa ana za ukhondo tsiku ndi tsiku, tinamudzudzula pamaso pa anzake kuti sakusamba mokwanira. Mayi ake atamva, anamukwecha ndi mwala mpaka khosi kusupuka, kenako anamugulira mafuta a mtundu womwe tikunenawu. Sizinathe. Patapita miyezi, wachibale wawo wina amene ndi namwino anaona khosilo n'kuwauza kuti akamuyezetse shuga. Bambo ake anabwera kudzatiuza, mosakalipa konse: "Ustadh, pakhosi pa mwana paja silinali litsiro ayi." Kuda kotereku, kwa pakhosi ndi m'khwapa, madokotala amakutcha acanthosis nigricans, ndipo kawirikawiri kumasonyeza kuti thupi layamba kusamvera insulin, njira imene imatsogolera ku matenda a shuga. Khungu la mwanayo linkapereka chenjezo, ife n'kuliwerenga ngati litsiro. Tinali titamwa phunziro la wamalonda tisanaone n'komwe chilengezo chake.

Lonjezo lachiwiri ndi la masiku 7. Khungu la pamwamba limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthike, ndipo mankhwala oyenera a mawanga amafuna masabata 8 mpaka 12 kuti ntchito yake ioneke. Chimene chimayeretsa nkhope m'sabata imodzi kawirikawiri ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a matenda ena a khungu, oyenera kudzola kwa nthawi yochepa dokotala atalemba. Akadzoledwa kumaso miyezi ndi miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, zipere zimafalikira, mabala sapola msanga, ndipo m'manja ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yosafufutika. Akadzoledwa thupi lonse amalowa m'magazi, n'kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu akangowasiya, nkhope imayabwa ndi kutentha, ndipo amathamangiranso kukagula ena. Wogulitsa wapeza kasitomala wa zaka.

M'mabotolo ena mumapezeka mercury, amene amawononga impso ndi minyewa ya ubongo, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa ngakhalenso woyamwa. Pangano la maiko la Minamata, limene linavomerezedwa mu 2013, linaika malire oti mafuta odzola asakhale ndi mercury woposa miligalamu 1 pa kilogalamu, ndipo mu 2023 maiko a m'panganoli anagwirizana zomuletseratu m'mafuta odzola. Palinso hydroquinone, amene nkhani yake ndi yomvetsa chisoni koposa. Mu 1975 dokotala wa khungu G. H. Findlay ndi anzake ku South Africa analemba za anthu akuda amene anadzola mafuta a hydroquinone kwa zaka, kenako masaya awo anada bii moderera ku buluu, ndi timadontho tokakala. Vutoli limatchedwa exogenous ochronosis, ndipo ndi lovuta kwambiri kuchiza. Mwa ambiri silitha. Tamvetsani bwino pamenepa: mafuta ogulidwa kuti achotse banga limene likanazirala lokha amatha kubala banga lokhala moyo wonse. Mayiyo akaona kuti kukuda, amaganiza kuti mafuta achepa mphamvu, n'kuwonjezera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake maiko a European Union analetsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 2001, ndipo Côte d'Ivoire mu 2015 ndi Rwanda mu 2018 anakhwimitsa malamulo oletsa mafuta oyeretsa khungu.

Lonjezo lachitatu, loti ndi achilengedwe, silifuna mawu ambiri. Chithunzi cha karoti kapena papaya pa botolo sichitiuza zimene zili m'kati, ndipo mafuta osakanizidwa kunyumba n'kuthiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro alibe wowayankhira. Ngakhale zachilengedwe zenizeni zimatha kupweteka. Madzi a mandimu akapakidwa pakhungu munthu n'kupita padzuwa, amatha kuwotcha khungu n'kusiya banga lakuda la miyezi.

Chilungamo chikufuna kuti timvenso mbali ya mayi amene anafunsa mtengo uja. Iye si wopusa. Mawanga a pankhope amapweteka mumtima, ndipo amene sanakhalepo nawo asafulumire kuweruza. Madokotala a khungu ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa mayi wa kumudzi, ulendo umenewo ndi ndalama ya thiransipoti ndi tsiku lathunthu la pamzere, pamene wogulitsa amayankha uthenga nthawi yomweyo, mokoma, ndipo amabweretsa katundu pakhomo. Komanso mafutawo poyamba amaoneka ngati akugwiradi ntchito. Chodabwitsa china n'chakuti hydroquinone yemweyo ndi mmodzi mwa mankhwala amene madokotala amadalira. M'chaka chomwecho cha 1975, Albert Kligman ndi Isaac Willis ku America anafalitsa njira yosakaniza hydroquinone, tretinoin ndi steroid pochiza mawanga, ndipo njira imeneyi, itasinthidwa pang'ono, ikugwiritsidwabe ntchito pa melasma. Kodi tsono dokotala ndi wamalonda akusiyana pati?

Akusiyana pa funso. Wachipatala amayamba wafunsa: banga linayamba liti, likuyabwa kapena ayi, mukumwa mankhwala anji, ndinu oyembekezera kodi, mwakhala mukudzola chiyani? Amayang'ana thupi lonse, m'kamwa ndi kumapazi komwe. Ngati n'koyenera amayeza shuga kapena HIV, amapala pakhungu kuti aone fangasi, kapena amadula kachidutswa ka khungu kukapima. Akadziwa gwero amachiza gwerolo: ziphuphu, fangasi, kusowa kwa niacin, shuga, kapena amasintha mankhwala amene akuputa khungu. Pambuyo pake ndi pamene amaganiza za bangalo. Pa melasma amatha kulemba hydroquinone wa 4 peresenti, wodzola usiku pabanga pokha, kwa miyezi yowerengeka, kenako n'kusiya ndi kubweranso kuti aone. Amatha kulemba azelaic acid wa 20 peresenti, amene amaloledwa ngakhale kwa oyembekezera, pamene tretinoin saloledwa kwa iwo. Melasma wouma mutu ena amamupatsa mapiritsi a tranexamic acid, koma atafufuza kaye ngati munthuyo sanadwalepo matenda oundana magazi m'mitsempha. Njira zosupula khungu la pamwamba ndi mankhwala monga glycolic acid, kapena zowotcha ndi makina a laser, ziliponso, koma pakhungu lakuda zimafuna katswiri wozolowera khungu lotere, chifukwa zikalakwika zimasiya banga loposa loyamba lija. Mlingo, nthawi, malo odzola, ndi diso loyang'anira: zinayi zimenezi ndizo zimasiyanitsa mankhwala ndi poizoni, ndipo zonse zinayi mulibe m'chilengezo chija.

Chinthu china chimene wamalonda satchula ndi dzuwa. Popanda kudziteteza ku dzuwa, mankhwala alionse a mawanga ali ngati kutunga madzi ndi dengu. Ambiri a ife timaganiza kuti mafuta oteteza ku dzuwa ndi a abale athu achialubino okha, koma aliyense wa melasma kapena zipsera za ziphuphu amawafuna, a mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa. Okhala ndi iron oxide, amene amaoneka ofiirira, amatetezanso ku kuwala kooneka ndi maso, kumene nako kumadetsa khungu lakuda. Popeza ife timasamba kumaso kangapo pa tsiku pokonzekera swala, wodzola mafutawa akumbukire kudzolanso akatha wudhu wa masana. Kwa amene mtengo wake wawakulira, ambulera, chipewa cha khonde ndi mthunzi zimathandiza ndithu.

Wachipatala woona mtima amanenanso chimene wamalonda sangayerekeze kunena: melasma amachepa koma amatha kubwerera, zipsera zina zimatenga chaka, ndipo cholinga cha chithandizo ndi kubwezera banga ku mtundu wa khungu la mwiniwake, basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa amene wadzola kale mafuta a steroid kwa nthawi yaitali, makamaka thupi lonse, uphungu ndi woti asangosiya mwadzidzidzi payekha. Atenge botololo apite nalo kuchipatala kuti akamuthandize kusiya pang'onopang'ono. Mankhwala okayikitsa tingathenso kuwanena ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene ntchito yake ndi kuyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Komabe tikadzudzula wamalonda yekha tidzinamiza. Iye amakolola m'munda umene talima ndife. Ndi kangati tamva achibale akuyamikira mkwatibwi kuti mwana wapeza mkazi woyera, ngati kuti khungu ndilo lidzasunge banja? Ndi kangati mtsikana wotomeredwa wauzidwa ndi azakhali ake kuti "akonze nkhope" nikah isanafike? Pa maukwati omwewo tayamba kukonda hina wakuda chifukwa amagwira msanga ndi kuoneka bwino pa zithunzi, osadziwa kuti kudako kawirikawiri kumachokera ku mankhwala a utoto wa tsitsi otchedwa PPD, amene ena amawatupitsa matuza n'kuwasiyira zipsera m'maonekedwe a maluwa omwe anajambulidwawo. Hina weniweni amasiya mtundu wofiirira ndipo amafuna maola kuti agwire. Ndipo mayi akaonongeka khungu ndi mafuta, ife omwe tinamukankhira kumeneko ndife oyamba kumuseka kuti nkhope ndi Fanta, miyendo ndi Coca-Cola.

Taganizirani izi. Bambo amene pamphumi pake pada chifukwa chogunditsa nkhope pansi poswali, ambiri timamuyang'ana mwaulemu, ngakhale kuti kwa dokotala limenelo ndi khungu chabe limene lakhuthala ndi kuda chifukwa chokhuzika pamalo amodzi kwa zaka. Mkazi wake, amene masaya ada chifukwa chosenza mimba ya mwana wa bambo yemweyo, amadzibisa ndi kuchita manyazi, mwinanso mwamunayo ndiye amamupatsa ndalama ya botolo. Mawanga onse awiri ndi melanin yemweyo. Ulemu ndi manyazi tinaikapo ndife.

Pa gulu la makolo lija tinapempha kuti chilengezocho chichotsedwe, ndipo chinachotsedwa. Madzulo ake mayi wina anatilembera payekha. Anati wakhala akudzola mafuta otere kwa zaka zitatu, kuyambira pamene anabereka mwana wake wotsiriza, ndipo tsopano masaya ayamba kuda moposa kale. Anafunsa ngati tikudziwa mafuta ena amphamvu kuposa amenewo. Tinamuyankha kuti ife si madokotala, ndipo kale tinalakwirapo mwana chifukwa choweruza khungu ndi maso okha. Tinamupempha kuti asaguleko ena, koma atenge mabotolo onse amene wakhala akudzola, ngakhale otha, apite nawo ku chipatala cha boma n'kupempha kuonana ndi woona za matenda a khungu. Anati achita manyazi kuwaonetsa. Tinamuuza kuti wachipatala sangadziwe chomuthandizira ngati sakudziwa chimene chinalowa m'khungumo, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Mayi a kunyumba kwathu anadzipereka kumuperekeza Lachiwiri lotsatira.